Mtsutso wa Menkiti ndi Gyekye pa za umunthu

Mtsutso wa Menkiti ndi Gyekye ndi kusamvana kwa akatswiri awiri a filosofi a mu Africa pa funso limodzi: kodi mwana amabadwa ali munthu kale, kapena umunthu amachita kuupeza pokhala ndi anzake?

Ifeanyi Menkiti wa ku Nigeria, amene ankaphunzitsa pa Wellesley College ku America, adafotokoza maganizo ake m'nkhani yomwe idatuluka mu 1984. Potsata njira imene John Mbiti wa ku Kenya adalambula mu 1969, Menkiti adati kubadwa kokha sikukwanira. Umunthu umakula pamene mwana akulangizidwa, kuvinidwa, kumanga banja ndi kusenza maudindo a pamudzi, moti wina angathe kuchita imvi asanaupeze. Umboni wake wina udali wa maliro: m'mitundu yambiri khanda saliralira monga alirira munthu wamkulu. Ngakhale kwa Achewa, nthayo ankaika ndi amayi okha, popanda mwambo waukulu.

Kwame Gyekye wa pa University of Ghana adatsutsa zimenezi, makamaka m'buku lake la Tradition and Modernity la mu 1997. Adakumbutsa kuti Aakani a ku Ghana amati aliyense amabadwa ndi okra, mzimu wochokera kwa Mulungu, ndipo mzimuwo sudikira kuti mudzi uvomereze. Mudzi umaumbadi munthu, iye adatero, koma munthuyo ali ndi nzeru zakezake, zomwe angathe kudzudzula nazo mwambo woipa wa mudzi womwewo.

Nkhaniyi idafikanso ku Malawi. Didier Kaphagawani wa pa Chancellor College ku Zomba adaunika mmene Achewa amamuonera munthu, ndipo adagwiritsa ntchito mwambi woti kalikokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Chichewa chenichenicho chimasonyeza pomwe pagona vuto. Tikamanena wankhanza kuti "ameneyu si munthu", timadzudzula khalidwe lake, koma akamwalira adzukulu amakumbabe manda, anthu n'kugona pasiwa. Mawu amodzi akusenza matanthauzo awiri: umunthu wa makhalidwe, umene umakula kapena kuzilala, ndi ulemu wobadwa nawo, umene suchoka.

Apa Gyekye adaona patali. Umunthu wonse ukakhala m'manja mwa mudzi, amene mudzi wamutaya alibe pogwira: wodwala misala, wolumala, gogo wosokonekera mutu amene akumunamizira ufiti. Komabe Menkiti sadangolankhula zopanda mutu, pakuti palibe amene adaphunzira chifundo kapena chinenero ali yekha m'tchire. Mu 2004 adalembanso nkhani ina yoikira kumbuyo maganizo ake. Menkiti ndi Gyekye onse awiri adamwalira mu 2019.