Mbiri ya Kuweta Nsomba za Stingray za M'mitsinje m'Mathanki a M'nyumba

Nsomba za stingray zokhala m'madzi opanda mchere, zimene akatswiri a zamoyo amaziika m'banja lotchedwa Potamotrygonidae, kwawo ndi m'mitsinje ya ku South America, makamaka Amazon, Orinoco ndi Paraná. Thupi lake ndi lathyathyathya ndiponso lozungulira ngati lichero, lilibe mafupa olimba koma chichereŵechereŵe, ndipo pamchira pali mbola yamanomano yokhala ndi poizoni, imene asodzi a kumeneko amaiopa kwambiri popeza nsombayi imadzikwirira mumchenga wa m'madzi osaya mmene anthu amaponda. Johannes Müller ndi Jakob Henle a ku Germany anafotokoza mtundu wa motoro, wa mawanga achikasu ozunguliridwa ndi mzere wakuda, m'chaka cha 1841, ndipo mu 1877 Samuel Garman wa ku America anatcha gulu la nsombazi dzina lakuti Potamotrygon. Komabe kwa zaka zambiri pambuyo pake akatswiri ankazidziwa makamaka zitafa kale, zili m'mabotolo a mankhwala osungira.

Kuziweta kunyumba kunayamba kutheka pamene amalonda anayamba kutumiza nsomba zamoyo pandege m'matumba apulasitiki opoperedwa okosijeni m'zaka za m'ma 1950, komanso pamene guluu wa silikoni anathandiza kupanga mathanki akuluakulu agalasi lokhalokha m'zaka za m'ma 1960. Kufikitsa nsomba ku Ulaya ili moyo sikunathetse vuto, chifukwa zambiri zinkafa zisanakhalitse, ndipo gwero lake linali m'thupi mwa nsombazo. Mu 1967 Thomas Thorson ndi anzake anasonyeza kuti, mosiyana ndi abale ake a m'nyanja zamchere amene amasunga yuriya m'magazi kuti thupi lisataye madzi, stingray za m'mitsinje zilibe yuriya wochuluka. Nsombazi zimataya zonyansa za m'thupi ngati amoniya kudzera m'makha. Mumtsinje amoniya amapita ndi madzi, koma m'thanki amaunjikana n'kusanduka poizoni, makamaka popeza nsombazi zimadya kwambiri nyongolotsi, nkhanu ndi tinsomba. Pang'onopang'ono oweta anazindikira kuti thanki iyenera kukhala yotakata pansi m'malo mokhala yakuya, yokhala ndi makina osefera amphamvu ndi mchenga wosalala wosakanda kumimba kwa nsomba, kuti madzi azisinthidwa kawirikawiri, ndiponso kuti chotenthetsera madzi chizikutidwa, poti stingray imachigonera n'kupsa. Anaphunziranso kuti m'mphepete mwa thupi mukayamba kupindikira m'mwamba, nthawi zambiri nsombayo imakhala yatsala pang'ono kufa. Ogulitsa sanathandize kwenikweni pamenepa, chifukwa ankagulitsa tiana ta nsombazi pa dzina lakuti teacup, ngati kuti ndi mtundu waung'ono, pomwe motoro wamkulu amatha kufika theka la mita m'lifupi.

Msika unakula kwambiri chifukwa cha mtundu wakuda wa madontho oyera wa mumtsinje wa Xingu ku Brazil, umene akatswiri Castex ndi Castello anautcha leopoldi mu 1970 polemekeza Leopold III wa ku Belgium. Malonda anathamanga kuposa sayansi, moti mitundu ina inkagulitsidwa isanapatsidwe maina, ndipo oweta anayamba kuizindikira ndi chilembo P chotsatana ndi nambala. Nsomba ya mumtsinje wa Tapajós imene inkadziwika kuti P14 inadzapatsidwa dzina lakuti albimaculata mu 2016, itakhala kale zaka zambiri m'nyumba za anthu ku Germany ndi ku Japan. Boma la Brazil linaletsa kutumiza nsombazi kunja m'zaka za m'ma 1990, kenako linayamba kulola chiwerengero choikika cha mitundu yowerengeka, ndipo kusowa kwake kunakweza mitengo n'kuchititsa kuti kuziswetsa m'mathanki kukhale ntchito yopindulitsa.

Stingray siikira mazira. Yaikazi imasunga ana m'mimba n'kumawadyetsa madzi onga mkaka ochokera m'chiberekero, ndipo imabereka ana ochepa okhwima kale, amene amayamba kudya okha pakangopita masiku ochepa. Zimenezi zinachititsa kuti oweta a ku Ulaya komanso mafamu a ku Thailand, Malaysia ndi Taiwan azitha kulera ana ambiri mosavuta. Phindu lake n'lodziwikiratu, popeza nsomba yobadwira m'thanki imazolowera chakudya msanga ndipo siichotsedwa mumtsinje, koma oswetsa ambiri, pofuna mawanga achilendo amene amagulidwa modula, anasakaniza mitundu mpaka kufika poti nsomba zambiri za pamsika masiku ano sizingagwiritsidwe ntchito kubwezeretsa mtundu uliwonse kwawo. Zina zotayidwa ndi eni ake zinakaswana kumalo osayenera, monga motoro amene anapezeka atakhazikika m'damu la Upper Seletar ku Singapore, ndipo madera ena a ku United States, monga California, amaletsa kuziweta. Mu 2022, pa msonkhano wa ku Panama wa mayiko a m'pangano la CITES, loyang'anira malonda a zamoyo zimene zili pangozi, leopoldi ndi mitundu ina ya ku Brazil zinaikidwa pa ndandanda yachiwiri, imene imafuna chilolezo cha boma nsomba isanatumizidwe kudziko lina, pa nthawi imene damu lamagetsi la Belo Monte linali litachepetsa kale madzi a m'gawo lina la Xingu mmene mtunduwu umakhala.