Phulusa Linatisungira Mbeu

Anzanga omvera wailesi, ndikumbutseko zakale. Makolo athu kuno m'tsinde mwa phiri la Tumbine sankadziwa mankhwala a m'sitolo. Chimanga cha mbeu ankachipachika pamwamba pa moto kuti utsi uthamangitse anankafumbwe. Nyemba ndi nandolo ankasakaniza ndi phulusa losefa, n'kumata mtsuko. Udzudzu ankaufukiza ndi masamba a chanzi, makoswe n'kuwasiyira mphaka.

Mu 1986 nkhondo itafika pa Milange tinathawira ku Malawi kudzera pa Muloza. Kumeneko tinazolowera kulandira ufa, ambirife n'kuiwala kasungidwe ka mbeu. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 tinabwerera, koma tinapeza mabwinja okhaokha. Ndalama ya Actellic ikanachokera kuti? Nyemba zathu zoyamba agogo anazithira phulusa. Ine ndinaseka, amvekere: "Udzaona mvula ikagwa." Zoonadi, zathu zinamera, pomwe za anansi zinali zitafumbwa.

Lero ena amathira mankhwala a thonje m'chimanga chodya ana. Abale, si poizoni ameneyo? Phulusa lili pamafuwa pomwepo, laulere. Funsani agogo akadali moyo.