Lundazi: nthano ndi mbiri yapakamwa

Boma la Lundazi, kum'mawa kwa Zambia, lachita malire ndi Mzimba wa ku Malawi, ndipo nthano zambiri n'zofanana mbali zonse ziwiri. M'dera la Lundazi wakale, asanagawidwe mu 2018 kukhala Lundazi, Chasefu ndi Lumezi, ochuluka ndi Atumbuka. Kulinso Angoni a kwa Magodi ndi Phikamalaza, komanso Achewa a kwa Mwase.

Nthano zamadzulo, zomwe Atumbuka amati vidokoni, amakamba ndi agogo makamaka anthu akakolola. Nkhani ikafika pakati, wokambayo amayambitsa nyimbo, ana n'kumavomera akuwomba m'manja, ndipo mwana amene wayamba kusinza amadziwikira pomwepo. Kalulu ndi Fisi sasowamo.

Yolemera koposa ndi mbiri ya Angoni yowoloka Zambezi. Akuluakulu ena amati mtsogoleri wawo Zwangendaba anamenya madzi ndi ndodo, mtsinje n'kupatuka, ndipo tsiku lomwelo kunada bii dzuwa lili paliwombo. Za ndodoyo n'za chikhulupiriro, koma mdimawo unachitikadi: akatswiri a zakuthambo anapeza kuti kunali kadamsana mu Novembala 1835, ndipo n'chifukwa chake chaka chowolokeracho chimadziwika. Apa m'posafunika kupeputsa zonena za okalamba.

Atumbuka amakumbukanso Chikang'ombe, mzimu wooneka ngati chinjoka, woyenda ndi mkuntho, umene makolo ankaupempha mvula. Phiri lake lili ku Rumphi, m'Malawi.