Lamulo loletsa majumbo opyapyala: mbiri yake ndi tanthauzo lake ku Mchinji

Majumbo opyapyala ndi mapepala a pulasitiki omwe kukhuthala kwake sikufika pa mlingo wa ma micron 60. Malamulo a dziko lino saloleza kupanga, kuitanitsa kuchokera kunja, kugulitsa kapena kugwiritsa ntchito mapepalawa, kupatula pa ntchito zochepa monga kukulungira buledi ndi kufesera mbande za mitengo.

Boma linakhazikitsa malamulowa m'chaka cha 2015, koma mu 2016 makampani ena opanga mapulasitiki anakatenga chiletso ku khoti ponena kuti ganizoli likuphwanya ufulu wawo wochita malonda. Mabungwe oteteza zachilengedwe, kuphatikizapo Centre for Environmental Policy and Advocacy (CEPA) ndi Lilongwe Wildlife Trust, anamema anthu kuti aikire kumbuyo lamuloli, ndipo pa 31 July 2019 bwalo la Supreme linagamula mokomera boma. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, omwe panthawiyo ankagwira ntchito ku CEPA, analandira mphoto ya Goldman mu 2021 kaamba ka ntchitoyi.

Ngakhale zinali choncho, makampani ena anabwereranso ku khoti mu 2021 ndi mu 2024. Bwalo lalikulu la milandu linachotsa chiletso cha 2024 mu January 2025, zomwe zinapereka mpata woti lamuloli liyambenso kugwira ntchito.

Malinga ndi kafukufuku wa mu 2019, dziko lino limapanga matani pafupifupi 75,000 a pulasitiki pachaka, ndipo matani 80 mwa 100 aliwonse ndi ogwiritsa ntchito kamodzi kokha. Majumbowa sawola msanga. Amatseka ngalande, zomwe zimachititsa kuti madzi asefukire mvula ikagwa yamphamvu, komanso kuti adikhe n'kumaswanitsa udzudzu. Mbuzi ndi ng'ombe zikawameza zimadwala, pomwe kuwawotcha kumatulutsa utsi woipa.

Boma la Mchinji lili ndi vuto lapadera chifukwa linachita malire ndi dziko la Zambia. Malamulo omwe dzikolo linakhazikitsa mu 2018 analetsa majumbo osafika ma micron 30. Izi zikutanthauza kuti jumbo lomwe lakwanira mlingo wa ku Chipata likhoza kukhala loletsedwa likangodutsa pa chipata cha Mchinji-Mwami, chomwe atsogoleri a maiko awiriwa anachitsegulira mu December 2022, kapena m'njira zachidule zolowera m'misika ya Mkanda, Kapiri ndi Kamwendo. Kuonjezera apo, mtsinje wa Bua umayambira m'bomali n'kukathira m'nyanja ya Malawi ku Nkhotakota, choncho zinyalala zotayidwa ku Mchinji zimavutitsanso anthu a kumunsi.

Udindo woonetsetsa kuti makampani akutsatira lamuloli uli m'manja mwa bungwe la Malawi Environment Protection Authority (MEPA), lomwe linakhazikitsidwa potsatira lamulo la zachilengedwe la 2017. Ogwira ntchito ku Malawi Revenue Authority (MRA) ndi amene amaunika katundu wolowa pachipata, pomwe khonsolo ndi yomwe imayang'anira misika ndi kuchotsa zinyalala malinga ndi lamulo la maboma aang'ono la 1998. Nthambi zitatuzi zikapanda kugwirira ntchito limodzi, olandidwa katundu amakhala mavenda okha, pomwe opanga ndi oitanitsa majumbowo akupitiriza malonda awo.