Chitawala ndi Mishoni pa Mafamu a ku Banket

Tauni ya Banket, yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 95 kuchokera ku Harare pa msewu wopita ku Chinhoyi, inatenga dzina lake ku mwala. Azungu oyamba kufika kumeneko ataona miyala yofanana ndi ya m'migodi ya ku Witwatersrand, yomwe Mabunu ankaitcha banket, anakhulupirira kuti apeza golide wochuluka. Miyala ija inawagwiritsa fuwa la moto, koma dzina linatsala, ndipo chimene chinadzalemeretsa derali ndi fodya ndi chimanga, zolimidwa ndi manja a anthu amene ambiri mwa iwo anachokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson.

Anthuwa sanapite ku Southern Rhodesia ndi makasu okha. Ena anatenga gule wamkulu, ena Chisilamu, ndipo ena anatenga Chikhristu cha mitundu iwiri yosamwerana madzi.

Mtundu woyamba unali wa mishoni. M'chaka cha 1912 mbusa T.C.B. Vlok, amene anayambitsa mishoni ya Mvera pamodzi ndi A.C. Murray mu 1889, anasamukira ku Salisbury kukasamala nkhosa zimene zinamwazikira m'migodi ndi m'mafamu. Ntchito imeneyi ndiyo inadzabala Sinodi ya Salisbury ya mpingo wa CCAP mu 1965, yomwe lero ndi Sinodi ya Harare. Chida chake chachikulu chinali Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922.

Mtundu wachiwiri unali Chitawala, dzina lomwe pakamwa pa anthu panaumba kuchokera ku Watch Tower. Eliot Kamwana, Mtonga wophunzira ku Livingstonia, anamva chiphunzitso cha Charles Taze Russell kudzera mwa Joseph Booth ku Cape Town, ndipo atabwerera kwawo mu 1908 anabatiza anthu pafupifupi 10,000 m'miyezi yowerengeka. Uthenga wake unali ndi deti: m'mwezi wa Okutobala 1914 maufumu a dziko lino adzatha, ndipo msonkho udzatha nawo. Boma linamuchotsa m'dziko mu 1909, koma amachona anaunyamula uthengawo mpaka ku Wankie ndi ku Shamva, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 unali utalowerera m'boma la Lomagundi, m'mene munali Banket, kufikira ndi m'midzi ya Mashona.

Pamenepa mpoyenera kuima pang'ono. Chaka cha 1914 sichinalembedwe paliponse m'Baibulo. Chinatuluka m'masamu: nthawi zisanu ndi ziwiri za pa Danieli 4 zinawerengedwa ngati zaka 2,520, ndipo zakazo zinayambidwira pa kugwa kwa Yerusalemu. Sitepe iliyonse ya masamuwa inali chiganizo cha munthu. Koma wantchito wa pakomboni, amene sankadziwa kuwerenga, ankamva vesi ndi ndemanga yake kuchokera pakamwa pamodzi, m'liwu limodzi, usiku umodzi. Pa pepala pali malire pakati pa lemba ndi kumasulira kwake. M'khutu malirewo mulibe. Ndiye amene ankagwira buku ndiye ankagwira choonadi. Chaka chija chitadutsa, J.F. Rutherford analozanso 1925 kuti Abrahamu, Isake ndi Yakobo adzauka. Nachonso chinadutsa, ngakhale Mateyu 24:36 anali atanena kale kuti tsikulo salidziwa munthu.

Kungakhale kulakwa, komabe, kuganiza kuti maganizo a anthu anali mbali ya Chitawala yokha. Mpingo wa Dutch Reformed wa ku Cape, umene unatuma Vlok, unali utavomereza pa sinodi ya 1857 kuti azungu ndi anthu akuda azipembedza padera, pa chifukwa cha kufooka kwa ena. Chimene chinayamba ngati kulolera chinasanduka chiphunzitso chotetezedwa ndi mavesi, ndipo mpingowo unadzayamba kuvomereza kulakwa kwake mu 1986. Mlaliki wa Chitawala akamafunsa chifukwa chake bwana wa famu ndi wantchito wake sagawana chikho chimodzi, funso lake linali la m'Malemba kuposa yankho limene akanalandira. Deti lake linali lolakwa; dandaulo lake silinali lolakwa.

Ngakhale Buku Lopatulika lenilenilo linadutsa m'manja mwa anthu. W.H. Murray ndi anzake anasankha kulemba Yehova. Omasulira Buku Loyera la 1998 anasankha Chauta, dzina limene makolo ankaitana popempha mvula. Magulu onsewa anali ndi zifukwa zomveka, ndipo mawu amene mbadwo wina unaloweza ngati otsika kumwamba anali atakambidwa pa tebulo la komiti.

Kamwana anabwerera kwawo mu 1937 kuchokera ku Seychelles, nayambitsa mpingo wake wa Mlonda, wosiyana ndi a Mboni za Yehova, ndipo anamwalira mu 1956. Adzukulu a amene anamva uthenga wake ku Lomagundi anakhalabe m'makomboni mpaka chaka cha 2000, pamene kulanda mafamu kunachotsa ambiri pantchito ndi pokhala, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasiya ochuluka opanda dziko lowatcha ake, kufikira malamulo aakulu a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe.