Tiki, Matchona ndi Goli: Mbiri Yobisika m'Mau a Makolo

Lamulungu lina, Misa itatha pa katchalitchi kena ka m'dera la Mfumu Mwadzama, gogo wina anatiyandikira ndi chopereka chomangidwa pa nsonga ya chitenje. Potambasula dzanja anati, "Bambo, landirani katiki kangaka." Anyamata a kwaya anafa nalo phwete, ndipo tiulule poyera kuti nafenso tinamwetulira. Gogoyo sanayankhe, anangomanganso chitenje chake nauyamba wa kunyumba. Chiyambire tsikulo takhala tikudzifunsa: kodi chomwe tinasekacho chinali chiyani? Taona kuti tinaseka mbiri yathu yomwe, pakuti mau akale ali ngati nkhokwe momwe mtundu umasungiramo zimene unakumana nazo.

Tiyambe ndi tikiyo. Kanali kandalama ka makobiri atatu. Makobiri 12 ankapanga sheleni, ndipo masheleni 20 ankapanga paundi. Kobiri la m'nthawi ya Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, linali loboola pakati, mwakuti amayi ankatha kulitunga pa chingwe. M'chaka cha 1971 kunabwera kwacha ndi tambala, kwacha imodzi nilowa m'malo mwa masheleni 10. Ndalamazo zinapita, koma maina ake anatsala pakamwa pa anthu omwe anazikhetsera thukuta. Liu loti tiki linachokera kumwera, kumene amuna a kuno kunyanja ankapita kukagwira ntchito.

Apa ndi pomwe pali mau ambiri amene ana athu sawamvanso. Akulu akati "anapita pa Wenela," akunena bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya m'migodi ya ku Joni, ndiye kuti Johannesburg. Akati "Mthandizi," akunena lija lotengera anthu ku Southern Rhodesia, komwe mzinda wa Salisbury ankautchula kuti Halale. Obwerera ankafika ndi sutikesi, jekete ndi njinga, komanso ndi mau achilendo monga "basopo" pochenjeza mnzao. Ngakhale liu loti chibalo, limene lero timalinena mwana akalangidwa kusukulu, kumeneko linali dzina la ntchito yokakamiza. Pofika 1974 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Mu April chaka chomwecho ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, nipha anthu athu oposa 70, ndipo boma linaletsa ulendowo. Unayambanso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, nudzatheratu mu 1988.

Koma pa mau onsewa, lolemera koposa ndi lakuti mtchona. Lero timalinena moseka kwa mnzathu wochedwa kumsika. Kwa agogo athu silinali nthabwala ai. Mtchona anali mwamuna amene anapita osabwerako, osalembanso kalata, osadziwika ngati ali moyo. Kumbuyo ankasiya mkazi amene sanali wamasiye koma sanalinso wapabanja, wolima yekha chinangwa ndi mpunga, wolera ana osadziwa nkhope ya bambo wao. Ambiri mwa amayi otere anasunga malonjezo a ukwati wao mpaka kumanda. Mwina gogo uja tiki yake yoyamba anailandira kwa mwamuna wotero.

Tikabwerera m'mbuyo kupitirira nthawi ya migodi, tipeza mau ena akale koposa, obadwira pa gombe lathu lomwe lino. Cha m'ma 1840 Mswahili wina, Salim bin Abdallah, anakhazikika pa Nkhotakota natchuka ndi dzina loti Jumbe. Kuchokera apa zombo zake zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita tsidya lija la nyanja, kumene ankayamba ulendo wautali wapansi wa ku Kilwa. David Livingstone atafika kuno mu 1861 anaona malondawo ndi maso ake, ndipo sanathe kufikira ulamuliro wa a Jumbe utagwa cha m'ma 1895. Mwana wa lero akamva za goli amaganiza za ng'ombe zokoka ngolo, pamene makolo ankadziwa goli lina, mtengo wa mphanda womangidwa m'khosi mwa munthu. Akamva za chifwamba amaganiza za akuba katundu, pamene kale chifwamba chinali kugwira munthu kumunda kapena kudambo kuti akagulitsidwe. Gogo akamaletsa mdzukulu kuyenda yekha madzulo potchula achifwamba, m'mau akewo mukulankhula mantha a zaka zoposa 130.

Sitikunena kuti chinenero chiime chilili. Madzi a m'nyanja sakhala bata masiku onse. Mwera ukaomba mchenga umasuntha. Achinyamata ali ndi mau ao, ndipo adzukulu ao adzawasekanso. Chimene tikuopa ndi chakuti liu likafa popanda womufunsa mwini wake, limapita kumanda pamodzi ndi phunziro lake. Lero ana athu akupitanso ku Joni pa basi, ena opanda zikalata zoyenera, ndipo matchona atsopano akubadwa. Akanamva kulemera kwa liu limeneli pakamwa pa agogo ao, bwenzi akulingalira kawiri za mkazi ndi ana otsala kumudzi.

Lamulo lachinayi la Mulungu, lotiuza kulemekeza atate ndi amayi, silithera pa kuwapatsa nsima ndi chofunda. Kumvetsera ndi ulemunso. Choncho tikupempha mabanja ndi miphakati yathu: gogo akatchula liu lachilendo, musaseke msanga. Funsani kuti, "Agogo, mau amenewa munawatola kuti?" Mwana wa sukulu atenge kope alembe yankho. Paja mau a akulu akoma akagonera, koma amagonera pokhapokha pali wina wowasunga.

Lamulungu lotsatira tinapita kukapepesa kwa gogo uja. Anatiyalira mphasa pakhonde, ndipo dzuwa linapendeka tikumvetserabe nkhani ya katiki kamodzi.