Mankhwala ochepetsa thupi amene anaononga mavavu a mtima

Mtima wa munthu uli ndi mavavu anayi. Mavavuwa ndi tizitseko timene timatseguka ndi kutsekeka kuti magazi aziyenda mbali imodzi osabwerera m'mbuyo. Pali mankhwala ena ochepetsa thupi amene anapezeka kuti amaononga tizitsekoti, ndipo nkhani yake inadziwika bwino m'maiko a America ndi France.

M'zaka za m'ma 1990, madokotala a ku America ankapereka kwa anthu onenepa kwambiri mankhwala awiri pamodzi, a fenfluramine ndi phentermine, omwe ankatchedwa fen-phen. Mu 1996 boma linavomerezanso dexfenfluramine, wogulitsidwa pa dzina la Redux. Mu July 1997, madokotala a pachipatala cha Mayo Clinic analengeza kuti amayi 24 omwe ankamwa fen-phen anapezeka ndi vuto la mavavu. Bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la FDA litaunika anthu ena, linapeza kuti pafupifupi atatu mwa khumi aliwonse mavavu awo sanali bwino, ngakhale ambiri samamva kudwala. Mu September chaka chomwecho, fenfluramine ndi dexfenfluramine anachotsedwa pamsika. Phentermine anatsala, poti payekha sanapezeke ndi vutoli. Mu 1999 kampani ya American Home Products inavomera kupereka chipepeso cha madola 3.75 biliyoni.

Chimene chimachitika n'chakuti thupi limasandutsa mankhwalawa kukhala norfenfluramine, amene amachititsa maselo a m'mavavu kuchulukana mopitirira muyeso. Vavu imakhuthala n'kuuma, ndipo imalephera kutsekeka bwino. Magazi amabwerera m'mbuyo, mtima n'kumagwira ntchito mowirikiza. Wodwala amapuma movutikira, amatopa msanga ndipo miyendo imatupa, koma zizindikirozi zimachedwa kuoneka. Vutoli limadziwika pounika mtima ndi makina a echocardiogram, ndipo likakula pamafunika opaleshoni yoika vavu ina.

Chodabwitsa n'chakuti phunziro la ku America silinamveke ku France. Kumeneko kampani ya Servier inapitiriza kugulitsa benfluorex pa dzina la Mediator, yemwe nayenso amasanduka norfenfluramine m'thupi. Mankhwalawa analembetsedwa ngati othandiza odwala shuga onenepa, koma madokotala ambiri ankawapereka kwa ofuna kuchepetsa thupi basi. Anali pamsika kuyambira 1976 mpaka November 2009, pamene anachotsedwa potsatira khama la dokotala wa matenda a m'mapapo wa mumzinda wa Brest, Irène Frachon. Anthu pafupifupi 5 miliyoni anamwa mankhwalawa, ndipo akatswiri akuti omwalira ndi pakati pa 500 ndi 2,000. Mu March 2021, khothi la ku Paris linapeza Servier yolakwa pa milandu yonyenga anthu ndi kupha mosafuna. Nalo bungwe la boma loona za mankhwala linalipitsidwa chindapusa kaamba kochedwa kuchitapo kanthu, mfundo yofunika kwa aliyense wogwira ntchito yoteteza umoyo wa anthu.

Fenfluramine sanatheretu. Mu 2020 FDA inamuvomereza pa dzina la Fintepla pochiza mtundu wina wa khunyu wosamva mankhwala, wotchedwa Dravet, koma pali lamulo lakuti wodwala aziunikidwa mtima asanayambe kumwa, ali mkati mwa kumwa, ndiponso akasiya.